Masewera ndi Ulemu wa Eni Nthaka ku Australia

Funso: Akonzi, kodi masewera angathandizedi anthu onyozedwa m'dziko la makolo awo kudziona kuti ndi ofunika? (Wowerenga, Zomba)

Yankho: Inde, ndipo nkhani ya Cathy Freeman, wothamanga wa mtundu wa Aborigine, omwe ndi eni nthaka ku Australia, imandikhudza kwambiri. Agogo ake aakazi analandidwa ndi boma kwa makolo awo ali mwana, monganso ana ambiri a mtunduwu. Mu 1994, atapambana pa masewera a Commonwealth ku Canada, ananyamula mbendera ya Aborigine ndipo mkulu wa timu yake anamudzudzula. Iye sanagonje, pakuti atapata mendulo yagolide pa liwiro la mamita 400 pa masewera a Olimpiki ku Sydney mu 2000, anazungulira bwalo atanyamula mbendera ziwiri, ya Australia ndi ya Aborigine, ana a mtundu wake akuona mnzawo akutamandidwa. Komabe boma linadikira mpaka 2008 kuti lipepese pa nkhani yolanda ana ija.