Njinga Yanga Imazima Ikatentha

Funso: Ndili ndi njinga yamoto yakale ya ku Britain ya mtundu wa BSA imene anandisiyira bambo anga. M'mawa imalira bwinobwino, koma ndikachoka ku Mbare, pofika ku Highfield yazima, mpaka izizire. Vuto n'chiyani? Wowerenga, Harare.

Yankho: Achimwene, ine ndikukayikira koyilo, chipangizo chimene chimatumiza moto ku pulagi. Waya wa m'kati mwake ukatentha umafutukuka, ndiye pamene panathetheka pamatseguka, moto n'kusowa. Ikangozima, masulani pulagi, muigunditse pa injini osaigwira chitsulo, mupondenso kiki. Moto wabwino ndi wabuluu. Ukakhala wofiirira kapena osaoneka, yambani mwasintha kondensa (kachipangizo kothandiza koyilo kutulutsa moto wamphamvu), ndi yotchipa, kenako koyilo. Pukutaninso mapointi (tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka magetsi a koyilo), mpata wake ukhale pafupifupi 0.015 inchi.

Chonde samalani pomanga batire. Njinga zambiri zakale za ku Britain, waya wa pozitivu ndi umene umamangidwa ku felemu.