Achimwene, mwafunsa za gulu la ana lija

Eee, achimwene, mwaswera bwanji ku Joni kumeneko? Uthenga wanu ndinauona masana, koma ndinali kuchigayo, ndiye ndinati ndiyankhe ndikakhala pansi. Ndikujambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Mwafunsa kuti kodi kugulu la ana kuja timakatani sabata yonse, poti mayi akuuzani kuti pakhomo sindipezekapezeka, ndipo mwati mukufuna kutumiza zidole ndi zovala pa Khirisimasi. Ndakondwa kwambiri kuti mwaganiza zimenezo. Koma ndikufotokozereni kaye mmene sabata yathu imayendera, za zidolezo tikambirane kumapeto. Azakhali, nanunso mvetserani, paja munafunsapo tsiku lija kumaliro.

Mukukumbuka Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba kuno ku Chiradzulu, anthu ankagona m'makalasi kusukulu. Ife tinkaphikira ana phala kumsasa kuja. Msasa utatsekedwa aliyense anabwerera kwawo, koma ana ena m'mawa uliwonse ankabwerabe ndi makapu awo, kudzaima pomwe panali mafuwa paja. Ndiye tinangoyang'anana, n'kunena kuti ayi, moto uwu tisauzimitse. Amfumu anatipatsa malo, tinaumba njerwa, abambo anafolera. Pano tilipo anthu 14, ambiri ndi amayi, ndipo palibe amene amalandira malipiro.

Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu m'mawa timakhala ndi ana ang'onoang'ono, a zaka 3 mpaka 5, sukulu ya mmera mpoyamba imene anthu amangoti mkombaphala ija. Timasinthana, awiri kuphika, awiri kukhala ndi ana. Ine tsiku langa lophika ndi Lolemba. Ndimadzuka kusanache, kukatunga madzi kumjigo mzere usanatalike, n'kusonkha moto. Tinagula mbaula zadothi zija za chitetezo, nkhuni zimalowa zochepa kusiyana ndi pamafuwa, ndipo nkhuni kuno mukudziwa kale mmene zavutira.

Phalalo musaliyese phala wamba, achimwene. Ufa wake timakonza tokha, n'chifukwa chake lero ndinali kuchigayo. Soya timayamba tamusankha, kuchotsa timiyala ndi wofumbwa, kenako kumukazinga mpaka afiirire pang'ono. Mukapanda kukazinga bwino, phala limanunkha chiwisi, ana amalisiya, ena limawatupitsa m'mimba. Tikatero timamusinja pang'ono kuti makoko achoke, kupeta, basi n'kusakaniza ndi chimanga chosakonola: ndowa 4 za chimanga, ya soya imodzi. Ndi lomwe lija amati likuni phala, dzina lake linachokera ku Likuni ku Lilongwe. Nsinjiro zikapezeka timathira, ndipo tsiku limenelo mumphika simutsala kanthu, ngakhale nkhoko. Mwana aliyense asanalandire kapu amayamba wadutsa pa mpondagiya kukasamba m'manja ndi sopo. Pamenepo sitinyengerera munthu. Kolera ija ya 2022 ndi 2023 tinaiona ndi maso athu, sitikufuna kuti idzayambire pamphika pathu.

Dikirani pang'ono... iwe, tseka chitseko nkhuku zikulowa... Eya, pepani.

Ndimati, akamwa phala amaimba, amawerenga ndi zitsekerero za mabotolo, amaumba ng'ombe zadothi, amajambula pamchenga ndi chala. Ikamakwana 11 koloko amabwerera. Kamodzi pamwezi kumabwera mlangizi wa zaumoyo kudzachititsa sikelo. Ali ndi kalamba kamitundu kaja koyezera pamkono. Kakaonetsa pobiriwira mwana ali bwino, pachikasu tichenjere, pofiira, kutanthauza kuti mkono sunafike masentimita 11.5, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayambe kulandira chiponde. Anatiphunzitsanso kudina pamwamba pa phazi la mwana ndi chala chachikulu. Tsiku lina ndinadina kamnyamata kena kamene tonse tinkati kakunenepa, masaya ali tutuu. Nditachotsa chala, panatsala kadzenje mapazi onse awiri, osabwerera. Mtima wanga unangoti myuu. Sikunali kunenepa, kunali kutupa chifukwa chosowa zakudya m'thupi. Mayi ake analira, ankaona ngati tikuwanena kuti sasamala mwana. Tinawaperekeza kuchipatala, ndipo lero kamnyamatako ndi kamene kamathamanga kuposa anzake onse.

Lachiwiri madzulo timapita kudimba la gulu, tili ndi mpiru, bonongwe ndi mbatata yofiira mkati ija. Pamenepo palibe zambiri zonena, ndi khasu ndi ndowa basi.

Lachitatu masana kumabwera ana a kupulayimale kudzawerenga. Iwowa phala amamwa kusukulu, la Mary's Meals lija limene makolo amasinthana kuphika, ndiye kwa ife amabwerera mabuku. Achimwene, mungadabwe. Mwana ali Sitandade 4, dzina lake amalemba, koma mukamupatsa chiganizo chachifupi amangoloweza zimene anamva anzake akunena. Sindikunena aphunzitsi ayi, kalasi limodzi ana osawerengeka, mphunzitsi mmodzi angamve bwanji aliyense akuwerenga? Ndiye ife timawakhazika asanuasanu pamkeka, kubwerera kumaphatikizo, ba be bi bo bu, mpaka mawu atuluke. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti akafika Sitandade 5 maphunziro amatembenukira ku Chingerezi. Mwana amene Chichewa chomwe sanachigwire, pamenepo amangosokonekera, amayamba kujomba, mapeto ake wasiya. Pali anyamata awiri amene analemba Fomu 4 amatithandiza, makamaka ndi a Sitandade 8 mayeso akamayandikira. Anyamata amenewa ndimawanyadira zedi.

Koma tsiku lalikulu ndi Loweruka. A zachisamaliro cha anthu amalitcha Children's Corner, ife timangoti kubwalo la ana. Kumabwera a zaka 6 mpaka 18, nthawi zina amapitirira 80. Mpira wachikulunga uku, fulaye uku, jingo, phada, chipako, fumbi lokhalokha. Kenako timakhala pansi pa mtengo wa mango, agogo ena amati "Padangokhala!" ana onse "Tili tonse!" mpaka akuluakulu odutsa amaima kumvetsera. Pambuyo pake timawagawa, atsikana okulirapo paokha ndi amayi, anyamata paokha ndi abambo. Atsikana amaphunzira kusoka mapadi ansalu, chifukwa ambiri akakhala kumwezi sapita kusukulu, amaopa kudetsa yunifomu anzawo n'kuwaseka. Ndipo pamene manja ali pa singano m'pamene pakamwa pamatseguka. Zimene mwana sanganene mutamufunsa maso ndi maso, amazinena akusoka. Onse timawalowezetsa nambala ya 116, yaulere ija yoimba mwana akamachitiridwa nkhanza.

Tsopano apa mumvetsetse, chifukwa ntchito yeniyeni yagona apa. Tisanabalalike Loweruka timaitana mayina. Tili ndi kaundula, kope lachikuto cholimba, mwana aliyense ali ndi mzere wake. Wabwera timachonga, sanabwere timasiya mpata. Mwana akasowa Loweruka ziwiri zotsatizana, Lachinayi timanyamuka awiriawiri kupita kwawo. Sitipita ngati apolisi ayi. Timaodira, kukhala pamphasa, kufunsana za moyo, za kumunda, kenako n'kunena kuti mnzathu uja tamusowa kubwalo.

Ndikuuzeni za mtsikana wina, dzina sinditchula poti pagulu lathu la pafoni pano tilipo ambiri. Anali Sitandade 6, zaka 14, wochangamuka, ndiye ankatsogolera nyimbo. Mwezi wa Febuluwale chaka chatha tinaona mipata iwiri pamzere wake. Titafika kwawo tinapeza agogo ake atagona pakhonde, akudwala, m'nyumba mulibe ngakhale ufa wa phala. Mtsikanayo anali kuganyu, kupalira m'munda mwa eni ake kuti alandire deya. Tinadikira mpaka anabwera, khasu paphewa, mapazi ali matope okhaokha. Atationa anagwetsa nkhope pansi. Ine ndinangoona kachikwama katsopano kali pamsomali kuseri kwa chitseko, kofiira, kamene sikankagwirizana ndi umphawi wa m'nyumbamo. Ndinafunsa mwaulemu kuti kachikwama kokongolaka wakugulira ndani. Agogo aja ndi amene anayankha, akulira, kuti kuli bambo wina wageni kumsika wakhala akubweretsa sopo ndi ndiwo, ndipo wanena kuti amutenga mwanayo mwezi ukatha.

Achimwene, agogo amenewo sindinawakwiyire. Njala ya miyezi imeneyo mukuidziwa, Januwale mpaka Malichi, nkhokwe zili mbee. Iwo ankaona kuti mwana akakadya kumeneko. Tinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka. Tinawauza kuti malamulo a dziko anasintha mu 2017, mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa, kaya makolo avomera kaya ayi. Koma lamulo lokha silikhutitsa munthu, ndiye madzulo omwewo tinatapa ufa wa gulu n'kuwapititsira. M'mawa mwake tinakauza amfumu ndi mlangizi woona za chitetezo cha ana, iwo ndi amene anakakumana ndi bamboyo, kachikwama kaja kanabwezedwa. Agogo tinawatengera kuchipatala pa njinga. Amayi a mother group, gulu lija lolimbikitsa atsikana kusukulu, anakalankhula ndi aphunzitsi aakulu, mwana anabwerera m'kalasi. Loweruka lotsatira anafika mochedwa, anaima patali kuseri kwa mtengo, akuchita manyazi. Anzake atamuona anangoyamba nyimbo imene iye amatsogolera, n'kusiya mpata woti alowe. Analowa. Ine ndinapita kuseri kwa khitchini kukapukuta misozi.

Tikanachedwa sabata ziwiri zokha, tikanapeza atapita. Ndipo sikuti onse timawapeza nthawi yabwino. Alipo mnyamata wina amene tinapeza atapita kale kukaweta ng'ombe kutali, mpaka lero mzere wake uli ndi mipata yokhayokha, sindinaufufute.

Lachisanu madzulo ndi za ndalama. Tili ndi banki m'khonde yathu, ndipo pa chiwongoladzanja timapatulako gawo la ana. Msungichuma amawerenga poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka, aliyense akumva. Makolo nawonso amasonkha, wina mbale ya chimanga, wina mtolo wa nkhuni, wosowa amabwera kudzatsuka makapu. Timafuna choncho dala, kuti pasakhale wonena kuti ndi za mabungwe. Lamulungu timapuma, aliyense kutchalitchi kwawo, anzathu achisilamu iwo amapumira Lachisanu masana.

Ndiye za zidole zija. Achimwene, musandimve molakwa, mtima wanu ndauona ndipo ndathokoza. Koma zidole 20 pakati pa ana 80 zimabala ndewu ndi misozi, ndipo zovala zikafika makolo amayamba kufunsa kuti bwanji wa uje walandira wanga ayi. Zinatichitikirapo, gulu linatsala pang'ono kugawanika. Chimene chimatigwetsa ife ndi ufa ukatha. Mu 2024, chilala chija chitapsereza chimanga, tinakhala masabata angapo osaphika, ndipo ana ang'onoang'ono anasiyiratu kubwera. Mphika ukazizira, kaundula nayenso amafa, chifukwa simungadziwe amene wasowa pamene onse asowa.

Ngati mungathe, ndalama ya zidoleyo isungeni mpaka nthawi yokolola, cha mu Meyi kapena Juni, soya ndi chimanga zikatsika mtengo. Tidzagule matumba, tithire mankhwala, tisunge kuti atifikitse Malichi. Kapena muzitumiza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ngakhale yochepa, bola tizidziwa kuti ikubwera, tiziwerengera. Sopo, makope, mapensulo, nsalu ya fulanelo yosokera mapadi, zimenezo sizikhalitsa. Mukafuna chinthu chimodzi choti ana adzakuoneni nacho m'manja, bweretsani mipira iwiri yachikopa ndi pampu yake, imeneyo amasewera onse. Ndalamayo musatumize kwa ine ayi. Ndikupatsani nambala ya msungichuma kumbali, mutumize pa Mukuru, ilembedwe m'buku, Lachisanu iwerengedwe pamaso pa onse, ndipo ine ndidzakujambulirani tsambalo.

Komanso mukabwera mu Disembala, musadzathere masiku onse kuchezera abale. Mudzandipatse Loweruka limodzi. Anyamata athu akuluakulu onse maloto awo ndi a ku Joni, amaona ngati ndalama kumeneko amachita kutola pamsewu, ena akufuna kusiya sukulu kuti azipita. Ife tikawauza samva, amati mayi inu simunapiteko. Inu mudzakhale nawo pansi pa mango paja, muwauze zoona zake, za mapepala, za lendi, za kuzizira kuja munkatiuza chaka choyamba.

Foni yatsala pang'ono kuzima, magetsi anathima kuyambira m'mawa. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi ali bwino, mwendo uja wayamba kupepuka, mawa ndiwapatsa foni mulankhule nawo ndikachoka kudimba.