Foni ndi Magnus Carlsen: kanyenya adya ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Bangula. Akuti: "Tatsutsana ndi mnzanga mpaka kubetcherana kanyenya. Iye akuti pulogalamu ya chess ya m'foni singamugonjetse Magnus Carlsen, katswiri wamkulu wa chess uja, poti makina anawapanga ndi munthu. Ine ndikuti ingathe. Akunena zoona ndani, ndipo kusiyana mphamvu kwake n'kotani?"

Achimwene, kanyenyayo mudya ndinu. Koma musathamangire kukawaonetsa anzanuwo kapulogalamu kalikonse. Ambiri mwa mapulogalamu a m'foni amawafooketsa dala kuti ife tizipambanako, tisagwe ulesi. Amene ndikunena pano ndi monga Stockfish, wopezeka ulere uja, atamumasula kuti asewere ndi mphamvu zake zonse.

Mawu a anzanuwo akanakhala olondola kale. Mu 1996 Garry Kasparov, amene anali katswiri wa dziko lonse, anakumana ndi Deep Blue, chimakina cha kampani ya IBM, ku Philadelphia. Anagonja masewero oyamba, koma pomaliza anapambana 4 kwa 2. Chaka chotsatira ku New York zinthu zinatembenuka: Deep Blue anapambana 3.5 kwa 2.5. Chimakinacho chinkaunika kaimidwe ka bolodi kokwana 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Anthu ambiri amathera pomwepa, ngati nkhani inatha mu 1997. Ine ndimaona kuti ayi, chifukwa pointi imodzi pa masewero asanu ndi limodzi si umboni wokwanira, ndipo Kasparov m'masewero omaliza anadzigwetsa yekha m'mbuna kumayambiriro kwenikweni. Taonani, mu 2002 katswiri wina, Vladimir Kramnik, analepherana ndi pulogalamu ya Deep Fritz 4 kwa 4 ku Bahrain. Munthu anali akadalimbabe.

Pomwe panathera mkangano ndi 2005 ndi 2006. Michael Adams wa ku England, mmodzi mwa akatswiri khumi apamwamba panthawiyo, anasewera ndi makina otchedwa Hydra ku London n'kutola theka la pointi lokha pa masewero asanu ndi limodzi. Kenako Kramnik, ali katswiri wa dziko lonse, anagonja 4 kwa 2 kwa Deep Fritz ku Bonn, ndipo ameneyu sanali chimakina chodzaza chipinda, inali pulogalamu yoti munthu ukhoza kugula. M'masewero achiwiri Kramnik sanaone kuti mfumu yake ikugwidwa pakusuntha kumodzi kokha, chinthu chimene mwana wa Sitandade 6 amachiona. Ndimakonda kuwakumbutsa zimenezi ana amene ndimasewera nawo kuno ku Nchalo akayamba kulira chifukwa chotaya mfumukazi. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Munthu amatopa, amachita mantha, amayang'ana wotchi, mutu umamuwawa. Makina alibe tsiku loipa.

Za foni zenizenizo zinachitika mu 2009. Pulogalamu yotchedwa Pocket Fritz 4, ikuyenda m'foni ya HTC, inapambana mpikisano wa Copa Mercosur ku Buenos Aires momwe munalinso ma grandmaster, akatswiri apamwamba a chess, osagonja ngakhale kamodzi. Foni imeneyo lero simungaifune n'komwe, yanu ya pamsika wa Bangula ikuiposa kutali.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe ndi lokoma kwambiri. Mphamvu za osewera chess amaziyeza ndi nambala ya Elo, dzina la Arpad Elo amene anakonza kawerengedwe kake. Carlsen anafika 2882 mu 2014, ndipo palibe munthu wina anafikapo pamenepo. Pamindandanda ya makina, Stockfish amamuika kupitirira 3500. Kawerengedwe ka Elo kamati mukasiyana ndi 400, wamphamvuyo amatola mapointi pafupifupi khumi pomwe mnzake watola imodzi. Mukasiyana ndi 600 kapena 700, wofookayo amatola mapointi awiri kapena atatu pa 100, ndipo amenewo akhoza kungobwera m'masewero olepherana.

Koma nambala ziwirizi musazimeze osatafuna. Inu mwagulitsapo thonje, mukudziwa kuti thumba lomwelo likhoza kulemera mosiyana pa sikelo ziwiri. Nambala ya Carlsen inachokera m'masewero ake ndi anthu anzake pansi pa FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse. Ya Stockfish inachokera m'masewero a makina okhaokha. Ndi sikelo ziwiri, ndipo palibe amene angaziyanjanitse bwinobwino chifukwa akatswiri anasiya kalekale kusewera ndi makina pamphamvu zofanana. Choncho wina akakuuzani kuti kusiyana kwake ndi chakutichakuti ndendende, muziti wangoyerekeza.

Muyeso umene ine ndimaukhulupirira ndi wa kupatsana poyambira, ngati momwe agogo amamulekerera mdzukulu pa bawo. Mu 2016 Hikaru Nakamura, mmodzi mwa akatswiri oopsa padziko, anasewera masewero anayi ndi pulogalamu ya Komodo. M'masewero ena makina anayamba atachotseredwa kamsilikali, m'ena Nakamura analoledwa kusuntha kangapo mnzakeyo asanayambe. Nakamura anagonjabe 2.5 kwa 1.5. Ndipo kuyambira pamenepo makina sanaime. Mu 2017 AlphaZero, pulogalamu ya kampani ya DeepMind, amene anangopatsidwa malamulo a masewerowa n'kudziphunzitsa posewera yekha, anakumana ndi Stockfish wa nthawiyo masewero 100: anapambana 28, ena onsewo kulepherana. Stockfish naye anatengera luso lofananako mu 2020 ndipo anakula mphamvu kwambiri.

Mfundo ya anzanuwo yoti makina anawapanga ndi munthu sindiinyoza, koma ikawayendere bwino akaime pamsewu wa ku Chikwawa, athamangitsane ndi lole ya nzimbe, yomwenso anapanga ndi munthu.

Chimene sindingakulangizeni ndi kumasewera ndi Stockfish wamphamvu zonse madzulo aliwonse. Ndinayesapo, ndipo sindinaphunzire kanthu. Amakufinya pang'onopang'ono mpaka umangoona kuti palibe posunthira, osadziwa pomwe unalakwitsa. Akatswiri eniakewo samugwiritsa ntchito choncho, amamutenga ngati wothandizira pokonzekera. Inu sewerani ndi anzanuwo pabolodi, foni ili m'thumba, mulembe kusuntha kulikonse papepala. Mukamaliza, muyambe mwakambirana nokha pomwe mukuganiza kuti zinasokonekera, kenako ndiye muifunse foni. Ingoikani pamthunzi potero, chifukwa ndi dzuwa lathu la Okutobala ikatentha imachepetsa liwiro la kuganiza. Ngakhale itatero, Carlsen sangaipeze, ndiye anzanuwo asaonepo pothawira. Awauze aja ootcha kuti awonjezere tsabola.