Mafunso ndi mayankho: madesiki akale ndi ziwiya zolembera pa okushoni

Funso: Ndimakhala mumzinda wa Leicester ku England. Kampani ina ya okushoni ya kuno yalengeza desiki ya zaka za m'ma 1800, yokhala ndi madirowa mbali zonse ziwiri ndi chikopa chobiriwira pamwamba, ndipo akuyerekeza kuti igulidwa pa mapaundi 200 mpaka 300. Komatu ndinamva kuti madesiki akale amagulidwa ndalama zankhaninkhani. Kodi ndikaigula, n'kuipala bwino ndi kuipaka vanishi, ndingadzapindule poigulitsanso? Mayi wa ku Leicester.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Zimene munamvazo n'zoona, koma zimachitikira madesiki owerengeka okha, ndipo chimene chimakweza mtengo wake si ukale wokha ayi. Mu 2008 kampani ya okushoni ya Christie's ya ku London inagulitsa desiki ndi mpando wa mlembi wa mabuku Charles Dickens pa mapaundi 433,250. Matabwa a desikiyo ndi a mahogany, mtengo wa banja limodzi ndi mbawa, ndipo madesiki opangidwa chimodzimodzi alipo ambirimbiri ku England. Anthu ankalimbirana chifukwa panali umboni wosatsutsika wakuti Dickens ankalembera pa desikiyo kunyumba kwake ku Gad's Hill Place, komanso kuti inasungidwa m'banja mwake kuchokera pamene iye anamwalira mu 1870. Mu 2015 nyumba yosungira mbiri ya Charles Dickens Museum inaigula itathandizidwa ndi mapaundi 780,000 ochokera ku National Heritage Memorial Fund, thumba la ku Britain lothandiza kusunga zinthu za mbiri. Nthawi zina chimene chimakweza mtengo ndi dzina la mmisiri komanso kusowa kwa katunduyo, monga zinachitikira mu 1989 ku New York, pamene desiki yokhala ndi kabati ya mabuku, yopangidwa ku Newport ku America m'zaka za m'ma 1760 kuti igwiritsidwe ntchito ndi banja la Brown, inagulidwa madola 12.1 miliyoni.

Desiki imene mwaionayo ilibe mbiri yotereyi, ndipo mtengo umene aikawo si wodabwitsa, pakuti mipando ndi madesiki akuluakulu a matabwa oderako zinatsika mtengo kwambiri ku Britain m'zaka zapitazi, popeza nyumba za masiku ano n'zazing'ono ndipo achinyamata ambiri sazikhumbira. Ngati mukufuna desiki yolimba yoti muzilemberapo, umenewu ndi mwayi wanu. Ngati mukufuna phindu, musayembekezere zambiri.

Pa nkhani ya vanishi ndikupemphani kwambiri kuti musatero. Mtundu wakuya umene thabwa limakhala nawo litagwiridwa ndi manja, kupukutidwa ndi phula ndiponso kuombedwa ndi dzuwa kwa zaka zoposa 100 ndi umene ogula odziwa amaufuna, ndipo sandipepa amauchotsa tsiku limodzi osadzabwereranso. Kansalu kofewa ndi phula la njuchi pang'ono n'zokwanira.

Mukapite pa tsiku limene amalola anthu kuona katundu okushoni isanayambe. Musolole dirowa imodzi yonse n'kuitembenuza. Pamakona pake, pamene matabwa amalumana ngati zala zopingasa, mano odulidwa ndi manja amakhala osalingana ndendende ndipo nthawi zambiri pamaoneka kamzere kamene mmisiri anakanda poyeza, pamene mano a makina amafanana onse. Pansi pa dirowa pazikhala podyeka chifukwa chokokedwa kwa zaka zambiri. Muyang'ane kuseri kwa zogwirira zamkuwa: mukapeza mabowo ena otsekedwa, ndiye kuti zogwirirazo zinasinthidwa. Timabowo ta tizilombo tofumbwitsa matabwa si vuto lalikulu ngati ndi takale, koma pakamatuluka fumbi loyera ngati ufa ndiye kuti tizilomboto tikadali moyo.

Kumbukiraninso kuti mtengo umene wogulitsa amatchula pomenya kanyundo si ndalama zonse zimene mudzalipire. Kuyambira mu 1975, pamene Christie's ndi Sotheby's anayambitsa mchitidwewu ku London, wogula amawonjezera gawo la kampani, lomwe masiku ano nthawi zambiri limakhala pakati pa 20 ndi 30 pa 100 iliyonse, kuphatikizapo msonkho wa VAT pa gawolo, ndiponso ndalama yonyamulira. Podzagulitsa, kampani idzakudulaninso gawo lake, monga momwe mlimi wa fodya amadulidwira ku Kanengo ndalama zisanamufike m'manja.

Funso: Agogo anga aamuna anali kalaliki pa boma nthawi ya atsamunda, ndipo anatisiyira kathireyi kokhala ndi timabotolo tiwiri ta inki, komanso mpeni wotsegulira makalata umene ndikukhulupirira kuti ndi wa mnyanga wa njovu. Kodi ndingazitumize ku okushoni ya ku Johannesburg kapena ku London? Bambo wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, tiyambe ndi mpeniwo chifukwa ndi umene ungakuikeni m'mavuto. Muuyang'anitsitse pamalo owala, makamaka kumapeto kumene unadulidwa mopingasa. Mnyanga wa njovu umaonetsa timizere topingasana, pamene fupa limakhala ndi timadontho takuda ndi timing'alu tating'ono. Ukakhala mnyanga, musautumize kunja ndipo musaugulitse kwa wina aliyense. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 pa mgwirizano wa CITES, umene umayang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pa chiopsezo chakutha, ndipo lamulo la ku Malawi la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limalola khoti kugamula zaka zofika 30 pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa ngati njovu. Ku Britain nako, lamulo la Ivory Act la mu 2018, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2022, linatseka msika umenewu. Limalola katundu wopangidwa chisanafike chaka cha 1947 ngati mnyanga wake sukufika pa 10 pa 100 ya katundu yense, ndipo ayenera kulembetsedwa kaye. Mpeni wa mnyanga wokhawokha sungalowe m'gulu limeneli. Chanzeru n'kupita ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuti akakuuzeni zoyenera kuchita.

Kathireyi ka inki ndi nkhani ina. Mukatembenuze n'kufufuza tizidindo tating'ono pansi pake. Chithunzi cha mkango woyenda chimasonyeza siliva weniweni wa ku England, wa magawo 925 pa 1,000; mutu wa kambuku ndi chizindikiro cha London, nangula ndi cha Birmingham, ndipo chilembo chimodzi choima pachokha chimauza akatswiri chaka chimene chiwiyacho chinayesedwa. Mukapeza zilembo za EPNS, ndiye kuti siliva anangokutira pamwamba, ndipo mtengo wake sungabweze ngakhale ndalama zotumizira. Musakakweche ndi phulusa kapena mchenga, chifukwa mungafufute zidindozo.

Musanaganize zogulitsa, lembani zonse zimene achibale akuluakulu akukumbukira: dzina la agogo, boma limene ankagwirako ntchito, zaka zake, ndi amene anawapatsa ziwiyazo, ndipo musunge limodzi kalata kapena chithunzi chilichonse chimene chatsala. Mufunsenso akuluakulu oona za zinthu zakale ku Lilongwe kapena ku Chichiri Museum ku Blantyre, chifukwa lamulo la Monuments and Relics Act limafuna chilolezo cha boma musanatulutse m'dziko zinthu zimene zili m'gulu la zakale zotetezedwa.