Ndege zamagetsi ndi za haidrojeni zikadali zamaulendo afupi

Achimwene, mwana wanu amene akufuna kuphunzira kuyendetsa ndegeyo asadikire ndege zamagetsi, ayambe maphunziro pa ndege zamafuta zomwe zilipozi. Ndege yamagetsi kapena ya haidrojeni yonyamula anthu mazana sitiiona posachedwa.

Vuto lagona pa kulemera. Kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege imasunga mphamvu zoposa za batire yolemera chimodzimodzi maulendo pafupifupi 40. Ine ndinazimvera pamsana tsiku limene ndinkakweza batire ya sola panjinga, ndinachita kuitana mnzanga, chonsecho imangoyatsa mababu ndi wailesi. Komanso mafuta akamatha ndege imapepuka, pomwe batire ngakhale ithe moto imalemerabe mpaka kutera. Ndege yamagetsi yotchedwa Velis Electro ya ku Slovenia, yomwe inavomerezedwa ku Ulaya mu 2020, imanyamula anthu awiri basi ndipo imauluka mphindi pafupifupi 50. Pophunzitsira ndi yabwino ndithu, ilibe phokoso lambiri.

Haidrojeni, mpweya wogwiritsidwa ntchito m'malo mwa mafuta, ndi yopepuka koma imadya malo, ndipo kuti ikhale yamadzimadzi iyenera kuzizira mpaka -253°C. Kampani ya ZeroAvia inaulutsa ndege ya Dornier 228 ya mipando 19 ku England mu Januwale 2023, koma injini ya mbali imodzi yokha ndiyo inali ya haidrojeni. Kampani yopanga ndege ya Airbus inkanena zotulutsa ndege ya haidrojeni pofika 2035, mu 2025 n'kusuntha chakacho. Haidrojeni yambiri lero imapangidwanso kuchokera ku gasi, ndiye utsi umangotulukira kufakitale.

Musanalipire sukulu iliyonse, kafunseni mlangizi woyendetsa ndege komanso ofesi yoona za maulendo apandege ngati laisensi yake imavomerezedwa.