Graceland ya Paul Simon: anaba nyimbo za ku Joni kapena ayi?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Paul Simon anaba nyimbo za anthu akuda a ku South Africa n'kulemera nazo, komanso chifukwa chake anthu ena ankadana ndi chimbale cha Graceland pomwe chinalandira mphoto zikuluzikulu. Ndaona kuti ambiri pansipa angoyankha kuti "anaba", ena kuti "anawatukula", basi. Kwa ine mawu oti kuba ndi aakulu kuposa mlandu wake. Chimene analakwa mkuluyu n'chakuti analowa m'mudzi wa eni osayamba waonekera kwa mfumu, m'mudzimo muli maliro.

Mu 1984 zinthu sizinkamuyendera Simon. Chimbale chake cha 1983, Hearts and Bones, sichinayende malonda, banja lake ndi Carrie Fisher linali litatha, ndipo anthu anali atayamba kumuona ngati wakale, wa nthawi ya Simon and Garfunkel. Ndiye woimba wina, Heidi Berg, anamupatsa kaseti ya nyimbo za m'makomboni a ku Joni, zija za akodiyoni, momwe munali gulu la Boyoyo Boys. Anaimvera mpaka kuyamba kung'ung'udza zakezake pamwamba pake. Kampani yake ya Warner Bros. inamulumikiza ndi Hilton Rosenthal, amene ankajambula gulu la Juluka la Johnny Clegg ndi Sipho Mchunu. Mu February 1985 Simon anatera ku Johannesburg ndi katswiri wake wa mu situdiyo, Roy Halee, ndipo anajambula kwa milungu pafupifupi iwiri ku Ovation Studios. Sanapite ndi nyimbo zolemba kale ayi. Ankangowauza oimbawo kuti aimbe, matepi akuzungulira, mawu anakawapekera kwawo ku New York pambuyo pake.

Apa ndiye pali mlandu uja. Mu December 1980 bungwe la United Nations linali litagwirizana kuti oimba ndi aluso ena asamapite ku South Africa, kuti boma latsankho lija lidzimve kuti dziko lonse lalisala. Boma ilo linali ndi njira yake yozembera: ku Sun City, m'dera la Bophuthatswana limene ankanamizira kuti ndi dziko palokha, ankaitanirako oimba otchuka ndi ndalama zochuluka zedi. Frank Sinatra anakaimbako, Queen inakaimbako. Simon anaitanidwa, anakana. Ndiye iyeyo ankadziona kuti alibe banga: sanakaimbire azungu, sanalandire ndalama ya boma, anakagwira ntchito ndi anthu akuda ndipo anawalipira katatu kuposa mlingo umene oimba a mu situdiyo ankalandira ku New York. Koma asananyamuke, woimba mnzake wa ku America, Harry Belafonte, anamulangiza kuti ayambe walankhula ndi a ANC, chipani chimene chinkatsogolera nkhondo yolimbana ndi tsankho. Sanatero. Maganizo ake anali oti woimba sapempha chilolezo kwa andale. Zikumveka bwino ukakhala ku Manhattan. Koma kuyambira September 1984 makomboni anali pamoto, apolisi akuwombera ana, ndipo chimbalecho chinatuluka mu August 1986, patangopita miyezi iwiri boma la P.W. Botha litakhazikitsa malamulo okhwima a nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonse. Amene anali ku ukapolo wa ndale ndi amene anathawira kunja anali atatsala ndi zida zochepa, ndipo kunyanyalako chinali chimodzi mwa izo. Munthu wotchuka chonchija akachipyola popanda kufunsa, ena onse aona kuti mpanda ndi wofooka.

Pano ife a ku Malawi tisakweze mawu kwambiri. Boma la Kamuzu linatsegula ubale waukazembe ndi Pretoria mu 1967, mwiniwakeyo anakachezako mu 1971, ndipo ngongole ya kumeneko inathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Ineyo chimbalechi ndinayamba kuchimva pa kaseti imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni komweko, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe pakhomo pathu amene ankadziwa zoti kunja kuli mkangano pa nkhani yake. Tinkangovina.

Kalandiridwe kake kanali kapawiri. Olemba za nyimbo ambiri ku America ndi ku Britain anachitamanda. Chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi pa nambala 3 ku America, chinatenga mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana mu 1987, ndipo nyimbo ya mutu wake inatenganso ina mu 1988. Chagulidwa makope oposa 14 miliyoni. Nthawi yomweyo gulu la Artists Against Apartheid, limene Dali Tambo, mwana wa mtsogoleri wa ANC Oliver Tambo, anayambitsa ndi woimba wa ku Britain Jerry Dammers, linkamudzudzula poyera, ndipo atafika ku Royal Albert Hall ku London mu 1987 anapeza anthu atanyamula zikwangwani panja. Jonas Gwangwa, amene ankatsogolera gulu la zoimba la ANC lotchedwa Amandla, anafunsa mowawidwa mtima ngati pankafunikanso mzungu wina kuti dziko lidziwe nyimbo za anthu a kwawo. Funso limenelo ndimaliona lolemera kuposa zikwangwani zonse zija, chifukwa mbaqanga, nyimbo za m'makomboni zija, inalipo kale, Mahlathini ndi Mahotella Queens analipo kale, Ladysmith Black Mambazo inali itagulitsa zimbale zambirimbiri kwawo chiyambire 1973. Koma makutu a ku Ulaya ndi ku America anatseguka pamene pachikuto panalembedwa dzina la munthu wa kwawo.

Chinanso chimene ankamunena nacho n'chakuti m'nyimbo zonse 11 mulibe pamene akudzudzula tsankho mwachindunji. Mawu ake ndi a bambo wa ku New York wa zaka zopitirira 40, banja litatha, ali paulendo ndi mwana wake kupita kunyumba ya Elvis Presley ku Memphis, kumene kunachokera dzina loti Graceland. Ena anati anatenga chisangalalo cha nyimbo za anthu ovutika n'kusiya mavuto awowo pakhomo la situdiyo. Pachimbalecho anaikaponso woimba wa ku America Linda Ronstadt, amene anali ataimba ku Sun City mu 1983, ngati akuthira mchere pachilonda. Pa za Ronstadt ndilibe chomuikira kumbuyo. Koma pa za mawu ndimasiyana nawo pang'ono omudzudzulawo. Akanapeka nyimbo za ndale, iyeyo akanakwera ndege kubwerera kwawo, koma amene anaimba naye akanatsala m'manja mwa apolisi a Botha.

Tsono musaiwale kuti omuteteza kwambiri anali anthu amene tsankho linawapweteka kuposa aliyense wonyamula chikwangwani ku London. Hugh Masekela ndi Miriam Makeba, onse atakhala kunja kwa dziko lawo zaka zoposa 25, analowa nawo paulendo woimba wa Graceland. Masekela ankati kunyanyala kumene kukutsekera oimba akuda m'khola limodzi ndi owazunza kwasokonekera penapake. Mu February 1987 anakaimba ku Rufaro Stadium ku Harare, pafupi ndi kwawo mmene akanathera, ndipo anthu ena anawoloka malire kuchokera ku South Africa kudzaonera. Kumeneko Masekela anaimba nyimbo yake yofuna kuti Mandela atulutsidwe, ndipo anatsekera ndi Nkosi Sikelel' iAfrika onse pamodzi. Kanema wake alipo, mufufuzeni. Mukamuona Makeba pa nsanja paja mudzavutika kunena kuti anthuwa ankangogwiritsidwa ntchito.

Nanga za kuba zija? Tiyang'ane pachikuto. Nyimbo zisanu zili ndi maina a eni ake pambali pa la Simon monga opeka nawo: Forere Motloheloa wa ku Lesotho, woimba akodiyoni wa gulu la Tao Ea Matsekha, pa The Boy in the Bubble, General M.D. Shirinda, amene ankaimba ndi Gaza Sisters, pa I Know What I Know. A Boyoyo pa Gumboots. Ndi Joseph Shabalala, mtsogoleri wa Ladysmith Black Mambazo, pa Homeless ndi Diamonds on the Soles of Her Shoes. Dzina likakhala pamenepo ndiye kuti ndalama imabwera nthawi iliyonse nyimbo ikagulidwa kapena kuseweredwa pa wailesi. Wakuba sachita zimenezo. Shabalala anamupatsa Simon dzina lachizulu loti Vulindlela, wotsegula njira, ndipo chimbale cha Mambazo cha 1987, Shaka Zulu, chimene Simon anayang'anira kajambulidwe kake, chinawapezera Grammy yawo yoyamba. N'zoseketsa kuti amene anamunena mokuwa kuti ndi mbava sanali a ku Soweto koma a Los Lobos a ku Los Angeles, amene ankati nyimbo yotsiriza pachimbalepo inali yawo.

Koma pali munthu mmodzi amene nkhani yake imandikhala pamtima, Ray Phiri wa gulu la Stimela. Dzinalo silikunamiza: bambo amene anamulera, woimba gitala amene ankatchedwa "Just Now" Phiri, anali wochokera ku Malawi, mmodzi mwa aja anapita kukasaka ntchito kumwera. Gitala yowala ija imene mumaimva m'nyimbo zingapo pachimbalechi ndi ya Ray. Simon mwiniwake anafotokoza kuti pojambula nyimbo ya Graceland, Ray anagwira nsambo mwanjira ina yachisoni imene siipezekapezeka mu mbaqanga, ndipo atamufunsa anayankha kuti akutsanzira kapekedwe ka Simon yemweyo. Ndiye tsono amene ankatengera mnzake ndani pamenepa? Koma Ray analembedwa monga wothandiza kukonza kaimbidwe, osati wopeka nawo, ndipo patapita zaka anadandaula poyera kuti sanapatsidwe zomuyenera. Chimodzimodzi Bakithi Kumalo: besi yake ndiyo msana wa chimbale chonsechi, ndipo kachigawo kaja kothamanga mu You Can Call Me Al n'kake, theka loyamba anaimba ndi manja, theka lachiwiri ndi tepi yomweyo yoyendetsedwa chobwerera. Malamulo a umwini wa nyimbo amawerengera mawu ndi mang'ombe a woimba patsogolo, pomwe m'nyimbo zathu kuno nyimbo yeniyeni imakhala mu gitala, besi ndi ng'oma. Ngati pali pamene anthu anadyeredwa masuku pamutu ndi pamenepo, ndipo Simon akanafuna akanapitirira pamene lamulo linalekezera.

Mkanganowo sunathe msanga. Mu January 1992, Mandela atatuluka kale ndipo ANC itavomereza, Simon anakaimba ku Ellis Park, koma achinyamata a AZAPO, gulu lina landale la anthu akuda, anakanabe, mpaka wina anaponya mabomba am'manja pa ofesi ya amene ankathandiza kukonza zoimbazo ku Johannesburg. Anthu sanadzaze bwalo. Mu kanema wa 2012 wa Joe Berlinger, wotchedwa Under African Skies, Simon ndi Dali Tambo anakhala pampando umodzi n'kukambirana. Anasiyana mwamtendere, koma Tambo sanabweze mawu ake oti nthawi ija sinali yoyenera, ndipo Simon sanavomere kuti akanayenera kupempha chilolezo.

Mukatha kumvera Graceland, achimwene, fufuzani chimbale cha Stimela cha chaka chomwecho cha 1986, Look, Listen and Decide. Muli nyimbo yotchedwa Whispers in the Deep, yolimbikitsa anthu kuti aleke kunong'ona, alankhule zakukhosi. Wailesi ya boma ya SABC inailetsa. Amene ankaimba ndi Ray Phiri yemwe uja, ndipo iyeyo ankagona ku South Africa komweko.