Kodi voti ya amayi inali zikomo wa nkhondo? Yankho kwa mphunzitsi amene wandilembera

Mayi wina amene amaphunzitsa ku sekondale wandilembera imelo. Akuti mu ofesi ya aphunzitsi munabuka mtsutso, ndipo bambo wina mnzawo ananena kuti amayi a ku Britain sanamenyere voti, anangopatsidwa powathokoza chifukwa chogwira ntchito pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, komanso kuti atalandira votiyo palibe chinasintha. Mayiwa akufuna choti akayankhe.

Mayi, mfundo ya anzanuwo si yachilendo, ndipo imakopa chifukwa zaka zake zimagwirizana: nkhondo inatha mu 1918, lamulo la voti linabweranso mu 1918. Koma tsegulani lamulolo muone amene analembedwamo. Representation of the People Act, lomwe linavomerezedwa pa 6 February 1918 nkhondo isanathe n'komwe, linapereka voti kwa mwamuna aliyense wa zaka 21, ndipo msilikali amene anali kunkhondo ankavota ali ndi zaka 19. Mkazi ankayenera kukhala atakwanitsa zaka 30, komanso akhale ndi nyumba yolembedwa m'dzina lake, kapena akhale mkazi wa mwini nyumba, kapena akhale ndi digiri ya ku yunivesite. Amayi pafupifupi 8.4 miliyoni analowa m'kaundula. Nanga amene ankadzaza zipolopolo m'mafakitale, khungu lawo mpaka kusanduka lachikasu ndi mankhwala a mabomba, anali ndani? Ambiri anali atsikana a zaka za m'ma 20, okhala kwa makolo kapena m'zipinda za lendi. Amenewo ndi amene anasiyidwa kunja. Zikomo wanji wolumpha amene anagwira ntchitoyo?

Malire a zaka 30 sanaikidwe mwangozi. Amuna ambiri anali atafera kunkhondo, ndipo aphungu anawerengera kuti akafananiza zaka, amayi achuluka m'kaundula kuposa amuna. Zimenezi anaziopa. Ndiye ndikuti nkhani yonseyi ndi ya masamu a andale, osati ya mtima wabwino. Onaninso ku France: amayi anagwira ntchito pa nkhondo yomweyo, nyumba ya aphungu inavomera voti yawo mu 1919, nyumba ya Senate inaikana mu 1922, ndipo anadikira mpaka 1944.

Chimene nkhondo inachita ndi china. Lamulo lakale linkafuna kuti mwamuna akhale pa nyumba imodzi kwa miyezi 12 asanalembetse, choncho asilikali amene anali ku France ndi kwina anali atatuluka m'kaundula. Boma silikanachititsa chisankho anthu amene akulimenyera nkhondo alibe voti. Linakakamizika kutsegula lamulo lonse la zisankho, ndipo komiti ya aphungu a zipani zonse yotsogozedwa ndi Sipikala James Lowther inakhala pansi mu 1916. Chitseko chitatseguka chonchi, amayi anali ataima kale pakhomo, ndipo anali ataimapo zaka 50.

Zaka 50 zimenezo ndi zimene anzanuwo akuzilumpha. Mu 1866 amayi anasonkhanitsa masiginecha pafupifupi 1,500 ndipo phungu John Stuart Mill anakawapereka ku nyumba ya malamulo. Chaka chotsatira iye anapempha kuti amayi alowe m'lamulo latsopano la zisankho. Aphungu 73 okha anavomera. Amayiwo sanabwerere kunyumba. Anayamba kulowera m'munsi: mu 1869 amayi osakwatiwa olipira msonkho wa nyumba analoledwa kuvota m'makhonsolo a m'matauni, kuyambira 1870 ankatha kusankhidwa m'makomiti oyendetsa sukulu, ndipo mu 1894 amayi okwatiwa ena analowanso. Phindu lake linali lakuti pofika 1900 munthu wonena kuti mkazi sangamvetse za boma ankanena zimenezo pamaso pa amayi amene ankayendetsa kale bajeti ya sukulu za m'boma lake. Mu 1897 timagulu tambiri tinaphatikizana kukhala National Union of Women's Suffrage Societies, bungwe lomwe Millicent Fawcett anadzalitsogolera, ndipo pofika 1914 linali ndi mamembala oposa 50,000. Sanali madona olemera okhaokha ayi. Mu 1901 amayi ogwira ntchito m'mafakitale a thonje ku Lancashire anapita ku London ndi chikalata cha masiginecha oposa 29,000.

Amene amatchuka kwambiri ndi gulu lina, Women's Social and Political Union, lomwe Emmeline Pankhurst anayambitsa ku Manchester mu 1903. Awa anatopa ndi kupempha. Ankasokoneza misonkhano ya nduna, ankamangidwa, ndipo mu July 1909 Marion Wallace Dunlop anayamba kukana chakudya m'ndende ya Holloway pofuna kuti amutenge ngati wandende wandale. Anamutulutsa patapita maola 91. Ena atatengera, boma linayamba kuwadyetsa mokakamiza: oyang'anira ndende amagwira munthu pampando, dokotala n'kulowetsa chubu cha labala m'mphuno kapena m'kamwa, n'kuthiramo mkaka wosakaniza ndi mazira. Chubucho chikaphonya njira, chakudya chimalowa m'mapapo, monga zinachitikira Lilian Lenton mu 1913, yemwe anatuluka ali kayakaya. Poopa kuti wina afera m'manja mwake, boma linakonza lamulo lomwe anthu analitcha la mphaka ndi mbewa: wofooka amatulutsidwa, akapezako bwino amamangidwanso. Mu June chaka chomwecho Emily Davison anagundidwa ndi hatchi ya mfumu pa mpikisano wa ku Epsom, n'kumwalira patapita masiku anayi.

Pano ndinene maganizo anga mosabisa, ngakhale ena sawakonda. Kulimba mtima kwa amayi a Pankhurst kunaika nkhaniyi pa tsamba loyamba la nyuzipepala, ndipo popanda iwo aphungu akanapitiriza kuiseka. Koma kuyambira 1912, pamene anayamba kuswa mawindo a masitolo ku London ndi kuwotcha kapena kuphulitsa nyumba, kuphatikizapo imene ankamangira nduna David Lloyd George, anapatsa adani awo chifukwa chabwino chokanira. Bilu yopereka voti kwa amayi ena, imene inali itadutsa gawo lachiwiri mu 1910 ndi mu 1911, inagwa mu March 1912 ndi mavoti 14. Mawindo sanali chifukwa chokhacho. Nduna yaikulu Herbert Asquith inali yotsutsa kuyambira kale, a chipani cha Liberal ankaopa kuti amayi okhala ndi nyumba adzavotera Conservative, ndipo aphungu a ku Ireland anakana poopa kugwetsa boma limene linawalonjeza ufulu wodzilamulira. Aliyense ankawerenga mavoti ake. Amene anamvetsa masamuwa anali a Fawcett. Mu 1912 anakhazikitsa thumba la ndalama lothandizira opikisana a chipani cha Labour m'madera amene phungu wa Liberal anali wotsutsa voti ya amayi. Phungu amatha kupirira kutukwanidwa, koma mpando wake ukagwedezeka amamva. Ndikuti chida chimenechi chinaluma kuposa mwala uliwonse umene unaponyedwa pawindo, ndipo sindibwerera m'mbuyo pa mfundoyi.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa masamu omwewa amatha kugwira ntchito yoipa. Ku South Africa boma la J. B. M. Hertzog linapereka voti kwa amayi mu 1930, koma achizungu okhaokha, ndipo chimodzi mwa zolinga zake chinali kuchepetsa mphamvu ya amuna akuda ochepa amene ankavota ku Cape. Amayi akuda anadikira mpaka 1994. Ku America lamulo la 1920 linaletsa kumana munthu voti chifukwa ndi mkazi, koma m'zigawo za kumwera amayi akuda ankatsekeredwa ndi msonkho wa voti ndi mayeso owerenga mpaka Voting Rights Act ya 1965. Pamene ku New Zealand, komwe Kate Sheppard anatsogolera chikalata cha masiginecha pafupifupi 32,000, lamulo la 1893 linaphatikizapo amayi a mtundu wa Maori. Ku Switzerland, dziko lomwe silinamenye nkhondo zonse ziwiri, amuna ndiwo ankavota pa nkhaniyi, ndipo anavomera mu 1971. Chigawo cha Appenzell Innerrhoden chinachita kukakamizidwa ndi khoti mu 1990. Mukamaphunzitsa ana chaka chimene "amayi anapeza voti", muziwauza kuti afunse: amayi ati?

Nanga chinasintha n'chiyani?

Apa anzanuwo ali ndi kachidutswa ka choonadi. Nyumba ya malamulo ya ku Britain sinadzaze ndi amayi. Pa chisankho cha December 1918 anaima amayi 17, ndipo anapambana mmodzi, Constance Markievicz wa chipani cha ku Ireland cha Sinn Féin, yemwe anali m'ndende ndipo sanakakhale pampando wake. Woyamba kukhalamo anali Nancy Astor mu 1919. Kufanana kwa zaka kunabwera mu 1928, pamene amayi ena pafupifupi 5 miliyoni analowa m'kaundula. Mkazi wogwira ntchito m'boma ankachotsedwabe akakwatiwa mpaka 1946, ndipo lamulo la malipiro ofanana linabwera mu 1970, amayi osoka mipando ya magalimoto ku Dagenham atachita sitiraka mu 1968.

Koma musayang'ane amene anakhala pa mipando, yang'anani zimene amuna okhala pa mipandoyo anayamba kuchita. Mu 1918 makhonsolo anapatsidwa mphamvu zotsegula makiliniki a amayi ndi ana. Mu 1919 ntchito za uloya, uweruzi wa m'makhoti ang'onoang'ono ndi zina zinatsegulidwa kwa amayi. Mu 1923 mkazi analoledwa kuthetsa banja pa chifukwa cha chigololo cha mwamuna chokha; kale ankayenera kuwonjezerapo umboni wina monga nkhanza, pamene mwamuna sankafunika kutero. Mu 1925 mayi anapatsidwa mawu ofanana ndi bambo pa milandu yolera ana, ndipo lamulo lopereka penshoni kwa amayi amasiye linadutsa. Zambiri mwa izi zinapemphedwa kwa zaka makumi osamveka, kenako zinadutsa m'zaka zisanu ndi ziwiri.

Umboni wa manambala uli ku America, chifukwa zigawo zinkapereka voti zaka zosiyanasiyana, kuyambira Wyoming mu 1869, choncho n'zotheka kuzifananiza. Katswiri wa zachuma Grant Miller, mu kafukufuku wa 2008, anapeza kuti chigawo chikangopereka voti kwa amayi, ndalama za zaumoyo zinkakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, makamaka zophunzitsa ukhondo khomo ndi khomo, ndipo imfa za ana zinatsika ndi 8 mpaka 15 peresenti. Koma mbali imene ndimafuna aliyense aidziwe ndi yotsatirayi. Mu 1921 aphungu, poopa ovota atsopano, anadutsitsa Sheppard-Towner Act yopereka ndalama ku makiliniki a amayi oyembekezera ndi makanda, ngakhale bungwe la madokotala linkatsutsa. Patapita zisankho zingapo anaona kuti amayi savota ngati gulu limodzi, ndipo ambiri sapita n'komwe kukavota. Mantha atatha, ndalamazo zinathanso mu 1929.

Kwathu kuno mbiriyi inayenda njira ina, ngakhale malamulo ake anachokera ku London komweko. Pa chisankho cha 1961 ku Nyasaland voti inkadalira ndalama, katundu, msonkho ndi kutha kuwerenga, zoyenereza zimene zinasiya kunja amuna ambiri ndi amayi ochuluka kuposa pamenepo. Voti ya munthu wamkulu aliyense inabwera mu 1964, koma opikisana a MCP analibe otsutsana nawo. Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi mu Nyasaland African Congress n'kutsekeredwa mu 1959, anakhala phungu woyamba wamkazi, koma chisokonezo cha nduna cha 1964 chinamuthamangitsira ku Zambia kwa zaka 30. Amayi anali ndi voti, ankadzaza mabwalo ndi nyimbo ndi magule, koma panalibe wandale woopa kuti amuchotsa pampando, mpaka riferendamu ya 1993. Ngakhale pambuyo pake, mu 2014 amayi anapeza mipando 32 yokha mwa 193, m'chaka chomwe mtsogoleri wa dziko amene ankateteza mpando wake anali mayi, Joyce Banda.

Ndiye mukakumana nawo bambowo, Mayi, musachite kukweza mawu. Afunseni mafunso atatu. Ngati inali zikomo, bwanji atsikana a m'mafakitale a zipolopolo anasiyidwa? Bwanji ku France kunalibe zikomoyo? Ndipo malamulo a 1919, 1923 ndi 1925 anadikira chiyani zaka zonsezo? Akati palibe chinasintha, avomerezeni pa chiwerengero cha aphungu achizimayi, kenako atchulireni za Grant Miller ndi za ndalama zimene zinaduka mu 1929.